Kuwerenga Nkhonya za a Pyo

Lolemba, 10 Juni 2013

Kuzizira. Nkhungu inakuta phiri mpaka 9:40. Mazira 4 kukhola, dzulo anali 6.

A Pyo abweretsa katoni lero. Zimbale 38, chilichonse ndewu imodzi.

Ndilembe chiyambi chake bwinobwino kuti ndisadzasokonezeke. A Pyo Sang-gil, a ku Korea, zaka 43. Akhala m'nyumba yanga yakuseri kuno ku Mtiya, mu Zomba, zaka 6 ndi miyezi 4. Anabwera ndi mpingo wa kwawo kudzaphunzitsa achinyamata masewera omenyana. Mpingo unabwerera, iwo anatsala. Kwawo anali katswiri wa nkhonya za mateche, kenako analowa zija zosakaniza zomenyera m'khola la waya. Kumsika amawatchula Mchaina. Poyamba ankawakonza, tsopano amangoyankha.

Sabata yatha anapita kwa dokotala wa za ubongo ku Blantyre chifukwa cha kuiwala. Dokotala anawafunsa kuti amenyedwapo m'mutu kangati. Akuti anaseka, kenako anaona kuti dokotala sakuseka. Ndiye akufuna ndiwawerengere ine.

“Amayi, inu kuwerenga bwino. Ine kuwerenga, kuiwala pakati.”

Ndavomera. Zaka 31 mu ofesi ya kalembera. Ndinawerenga anthu, mbuzi, zimbudzi, ana obadwa ndi ana omwalira. Nkhonya sindinawerengepo.

Palinso china. Achemwali awo, a Sun-hwa a ku Daegu, andilembera. Akufuna lipoti langa pofika pa 1 Julayi: mlongo wawo akuiwala motani, angathe kukhala yekha kodi. Ngati sangathe, abwera kudzamutenga. Malo apeza kale kunyumba yosungirako odwala otero.

A Pyo anangonenapo mawu atatu: “Kumeneko kiyi kunja.”

Masiku 21.

Lachitatu, 12 Juni

Njira yake ndi iyi. Ndewu iliyonse pepala lake, mizere inayi: mutu, thupi, miyendo, kugwa. Timitengo tinayi, kachisanu kopingasa, monga tinkachitira pa kalembera. Yofikira pa gulovu sindiiwerenga. Yokayikitsa ndimabweza chimbale m'mbuyo. Ikakayikitsabe ndimalemba theka.

Ndewu 1 mpaka 5, ku Seoul, 1993. Za m'mutu: 31, 18, 44, 9, 52. Zonse 154. Anapambana zinayi.

Pa kanema pali mnyamata wa tsitsi lambiri, mwendo wokwera ngati wopanda fupa. Amavina ndithu. Akamenyedwa amamwetulira, ndipo anthu kuwomba m'manja. Sindikumvetsa akuwomberanji.

A Clara a ku Mvano anandipeza pa ndewu 4. Anaima pakhomo, dzanja pachifuwa. “Mlembi wa Mvano wathunthu, dzuwa likuswa mtengo, kuonera amuna a makabudula! Ndikanena kwa abusa.” Atatero anakhala pampando, naonera maraundi atatu, akukuwa kuti mpatseni, mpatseninso. Tiyi makapu 2. Anandisokoneza kawiri, ndinabwereza raundi yonse.

Ndatsegula buku lachiwiri, lobiriwira, la kuiwala kwawo. Lero: kufunsa kuti ndi lachingati, 3. Kusiya kiyi pachitseko, 1. Kundibwezera mbale yomwe anabweza kale dzulo, lero kubwera ndi ya eni ake, 1.

Loweruka, 15 Juni

Ndewu 6 mpaka 14. Za m'mutu zafika 611. Magetsi anathima maola 2 ndi mphindi 10, ndikanafika pa 16.

Nthawi zina amakhala nane. Ndewu 11 amaidziwa yonse: dzina la mdani wawo wa ku Thailand, fungo la mafuta omwe anadzola, msuzi womwe anamwa m'mawa mwake. Zaka 17 zapitazo. Chimbale chitatha anandifunsa ngati adya nkhomaliro. Anali atadya pamaso panga, mbatata 2 ndi mapeyala.

Madzulo ndinapita kuholo komwe amaphunzitsa. Ndimafuna ndione ndi maso anga, lipoti sililembedwa ndi za m'maluwa. Ophunzira 14, amuna 9, akazi 5. Mphindi 90. Kuiwala: 0. Dzina lililonse analitchula, phazi lililonse lopotoka analiona. Munthu wina ndithu. Kumeneko ngwamtali.

Wamkulu pa ophunzirawo ndi Tabu, mphunzitsi wa sitandade 6, zaka 26. Anandiperekeza mpaka pamsewu. Zonse akuzidziwa. “Agogo, musawalole apite. Kale ine kudutsa pa mlatho wa Likangala ndinkachita kuthamanga. Pano anyamata a pamenepo amandipatsa moni ndi manja awiri.”

Ndinati ine sindilola kapena kuletsa, ndimangolemba zomwe zilipo. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Lachitatu, 19 Juni

M'mawa uliwonse amathamanga kukwera phiri mpaka kudamu n'kubwerera. Kunyamuka 6:00, kufika 7:50. Pa zaka 6 sanapyolepo 8:05.

Lero 8:05, palibe. 9:00. 10:00. Chiperoni, phiri losaoneka n'komwe. Foni yawo ikulira m'nyumba mwawo, patebulo. Pageti ndinapitapo ka 23.

Afika 1:25 masana. Anabwera nawo a Benson, aja amatsitsa nkhuni panjinga. Anawapeza kutali, cha ku dzenje la Chingwe, atakhala pachitsa, malaya onyowa, akunjenjemera.

“Amayi, Mchaina wanu amandifunsa njira ya kusiteshoni ya sitima. Ndati bwana, kuno sitima yake ndi ine.”

A Benson anasiya mtolo wawo m'mapaini kuti awakweze pakaliyala. Ndawapatsa tiyi ndi buledi, anakana kulowa m'nyumba ati nsapato zamatope.

Maola 7 ndi mphindi 25.

A Pyo atatenthedwa anandipeza kukhitchini. “Nkhungu basi, Amayi. Aliyense kusochera. Musalembe.”

Ndalemba. Koma ndalembanso kuti kunali nkhungu, poti inalikodi.

Ndamva chisoni chomwe ndinamva komaliza pa maliro a amuna anga, bambo a Miriam. Sindinayembekeze. Ndi munthu wa lendi chabe.

Lachisanu, 21 Juni

Ndalowa za m'khola la waya. Ndewu 27 mpaka 33. Magulovu aang'ono, zala panja. Izi si masewera, kaya anene chiyani.

Ndewu 29, ku Osaka, 2002. Bondo pachibwano. Anagwa chagada, manja ali ndambalala. Mnzawoyo anawakhalira pachifuwa n'kuwonjezera 7 woimbira asanafike. Ndinabweza kasanu kuti nditsimikize kuti ndi 7, si 8. Kachisanu ndinatseka maso, ndiye sikakuwerengedwa.

Iwo anaonera ngati akuonera mlendo. “Uyu wopusa. Dzanja pansi.” Ndewu imeneyi saikumbuka, ngakhale ndege yomwe anakwera pobwerera.

Ndewu 33 anapambana. Mdani anawagwira phewa chakumbuyo, iwo anatembenuka, kugwira mkono, kupotokola. Masekondi 2. Winayo kumenya pansi ndi chikhatho kupempha chifundo. Apa ndiye anaimirira, nkhope yowala. “Ichi sindiganiza, Amayi. Thupi kudziwa lokha.”

Za m'mutu zafika 1,702.

Ndiye ananena chinthu chomwe chandiwonongera ntchito. “Izi za kamera. Kukonzekera, tsiku ndi tsiku, zaka 15, kamera palibe.” Ndinafunsa kuti kumeneko amamenyananso m'mutu? Anaseka. Akuti kuposa.

Choncho chiwerengero changa chili ngati kalembera wowerenga okhawo omwe wawapeza pakhonde, ena onse ali kumunda. Dokotala ndidzamulembera zimenezi m'munsi mwa pepala.

Zatsala zimbale 5. Masiku 10.

Lachinayi, 27 Juni

Mkono wamanzere uli m'chikhakha. Wathyoka pawiri. Masabata 6. Mwayi wake si mkono wolembera.

Ndinagwa pa sitepe ya khonde Loweruka.

Mazira 3. Mapiritsi 2 m'mawa, 2 madzulo. Zimbale sindinaonere. Miriam waimba kuchokera ku Lilongwe, akufuna kubwera, ndamuletsa.

Lachisanu, 28 Juni

A Pyo akonza sitepe. Anaigumula yonse n'kuimanganso ndi simenti, maola 3 ndi theka. Aikanso chitsulo chogwirira m'mbali. “Sitepe yoipa, Amayi. Zaka 6 ine kuona, osakonza. Pepani.”

Akunditungira madzi. Asesa pabwalo kawiri, kachiwiriko ataiwala koyamba. Anditsukira mbale 9. Nkhuku akuzipatsa gaga wambiri, zitupa.

A Clara anabwera ndi nthochi. Anayang'ana sitepe, anayang'ana chikhakha, anayang'ana ine. “Anzanga, sitepe ya zala zinayi kuthyola mkono pawiri? Munagwa kuchokera padenga kapena?”

Ndinati ukalamba.

“Ukalamba womwewu ndili nawo ine, sunandisiyirepo zala za munthu pachigongono.”

Ndinakoka nsalu kuphimba. Sanafunsenso. Potuluka anadutsa a Pyo osawapatsa moni, koyamba.

Loweruka, 29 Juni

Ndamaliza. Ndewu 38: kupambana 23, kugonja 14, kufanana mphamvu 1. Za m'mutu 1,906, kuphatikizapo matheka 22 omwe apanga 11. Kugwa 19. Kukomoka 6. Ndaphatikiza katatu, kuchokera pamwamba kawiri, kuchokera pansi kamodzi. Zikugwirizana.

Chomwe sichikugwirizana ndi tsamba la Lachinayi. Ndi bodza. Zaka 31 sindinasinthepo nambala, ngakhale bwana wina atandiopseza kuti andisamutsira ku Nsanje. Ndiye ndikanamize buku langa lomwe, lomwe saliwerenga wina?

Zinali chonchi. Loweruka lapitalo, cha m'ma 2 koloko masana, ndinamva fungo la chinthu chopserera kuchokera kuseri. Ndinagogoda kanayi, zii. Ndinalowa. Poto pa mbaula yamagetsi, madzi ataphwa, chigwiriro chikusungunuka. Ndinazimitsa. Iwo anali pampando, atagona, nsana kuchitseko. Ndinawagwira phewa.

Sindinaone kanthu. Ndinangomva phokoso ngati la nzimbe ikamathyoka. Ndinapezeka pansi, nkhope pa simenti, bondo lawo pamsana panga. Maso awo anali otsegula koma munalibe munthu. Kenako anandisiya, anakhalanso pampando, anapitiriza tulo.

Ndinatuluka chokwawa. Ndinakhala pa sitepe ya khonde langa, ndipo ndi pomwe anandipeza atadzuka, patatha mphindi 40. Anandinyamula okha mpaka pamsewu, anaimitsa galimoto, anakhala nane kuchipatala maola 5 atandigwirira chikwama. Namwino atafunsa, iwo ndi amene anayankha kuti Amayi kugwa pa sitepe. Amakhulupirira zimenezo. Ine ndinangogwedeza mutu.

M'buku lobiriwira tsiku limenelo ndinalemba poto yekha.

Lamulungu, 30 Juni

Kutchalitchi. Nyimbo 5, ulaliki mphindi 48, sindinamvepo kanthu.

Ndayesa kuika pa mizere iwiri.

Kuti akhale: kuno ali ndi ntchito, ndi anthu 14 owatchula aphunzitsi. Ali ndi phiri lawo. Kuholo saiwala. Mlandu unali wanga, munthu wotere sumugwira chakumbuyo ali mtulo, ndinaonera ndekha ndewu 33. Kwawo akawatsekera m'chipinda ndi nkhalamba za zaka 85, iwo ali ndi 43. Ndikhoza kumazimitsa mbaula ndekha. Ndikhoza kumaitana ndili patali.

Kuti apite: chimodzi chokha. Lachiwiri lililonse amaphunzitsa kugwira mkono, ndipo woonetsera amakhala Tabu. Amawagwira phewa chakumbuyo, dala, kuti ena aone. Lero maso awo amakhala ndi munthu. Tsiku lomwe adzakhale opanda, sindingalidziwe. Palibe chiwerengero chondiuza zimenezo.

Zifukwa 7 mbali iyi, 1 mbali inayo. Ku ofesi ndikanati 7 yapambana.

Vuto linanso. A Sun-hwa Chingerezi amamva pang'ono kwambiri. Makalata onse omwe talemberana, a Khirisimasi ndi ena, amamasulira ndi a Pyo. Mu Zomba muno sindidziwa wina wolemba Chikoreya. Lipoti lonena za iwo, alilemba iwo omwe ndi dzanja lawo.

Lolemba, 1 Julayi

Tinakhala patebulo langa 10:00. Iwo ndi kompyuta yawo, ine ndi mabuku awiri. Anameta ndevu, anavala malaya oyera, ngati akupita kukhoti.

Ndinakonza ziganizo 11. Ine kunena m'Chingerezi pang'onopang'ono, iwo kulemba m'chinenero chawo.

Za nkhonya 1,906 anaimba mluzu. “Mutu wolimba, eti Amayi?” Za kufunsa tsiku ka 41 pa masiku 19 anati ndawonjeza, ndinawaonetsa timitengo, analemba. Za kuphiri anakana kaye, kenako analemba, koma anandiuza kuti aikapo nkhungu kawiri. Za kuholo, kuti kumeneko saiwala kanthu, ndinanena mokweza, anandipempha ndibwereze.

Chiganizo 10. Ndinachilemba papepala kuti mawu asandithawe. Pa 22 Juni mlongo wanu, ali mtulo, anandithyola mkono pawiri, ndipo sakudziwa.

Zala zinaima. Anayang'ana chikhakha nthawi yaitali. Ndinawerenga mpaka 60, ndinasiya.

“Sitepe,” anatero.

Ndinati ayi.

Ndinakweza nsalu, ndinawaonetsa pachigongono. Zipsera zasanduka zachikasu koma zikuonekabe, zinayi mbali iyi, chimodzi mbali inayo. Anabweretsa dzanja lawo pafupi, osakhudza. Linakwana ndendende.

Anatuluka. Ndinamva akusanza kuseri kwa khola. Mphindi 12. Anabwerera atasamba kumaso, anagwada pa simenti, chipumi mpaka pansi, monga amachitira kwawo. Ndinati dzukani, muno timagwadira Mulungu yekha. Sanadzuke msanga.

Kenako anakhala, analemba. Chiganizo 11 chinali chakuti ine sindikudandaula ndipo nyumba ilipo ngati angafune kukhala. Anandiyang'ana, analembanso, anatumiza.

Tsopano chondivuta. Chikoreya sindiwerenga. Timabokosi ndi timizere. Ndinawerenga mizere pa kompyutapo, inalipo 14, ziganizo zanga zinali 11. Zomwe alemba pa 10 sindikuzidziwa. Akhoza kukhala atalemba sitepe. Moyo wanga wonse sindinasainepo pepala lomwe sindinalitsimikize.

Ndipo mbali ina ya mtima wanga ikufuna akhale atalemba sitepe.

Lachinayi, 4 Julayi

Yankho lafika. Kwa ine mizere 3 ya Chingerezi chothyokathyoka. Pepani kawiri, zikomo kamodzi. Atsika ku Chileka Lachinayi pa 11, abwerera nawo Loweruka.

Ndiye kuti analemba zoona.

Lachiwiri sanapite kuholo. Anatuma uthenga kwa Tabu kuti aziphunzitsa yekha, ndi kuti abwere adzatenge magulovu ndi thumba lomenya lija. Tabu anabwera dzulo. Kwa a Pyo anagwada, analira. Kwa ine anaima chilili.

“Agogo, mwalemba zomwe zilipo, eti? Mugone bwino.”

Chikhakha anachiona, sanafunse. Sindinamuuze. A Pyo anandipempha Lolemba lomwelo kuti ophunzira asadziwe, ndipo ndinalonjeza. Andide, ndi zaka 71 ndingathe kusenza.

Kuphiri asiya kupita. 6:00 amaima pageti atavala nsapato zothamangira, amayang'ana kumtunda, amabwerera. Lero anaima mphindi 25.

Lachitatu, 10 Julayi

Masutikesi 2, tinalongedza Lolemba. Zimbale ati zitsale kuno, sakuzifuna. Lipoti la dokotala ndaika m'envulopu pamwamba pa zovala.

Chomwe sindinachiganizire pa mizere yanga iwiri ija: kuti adzaiwalanso.

M'mawa, 7:15, anabwera kukhitchini. Apeza masutikesi m'nyumba mwawo, zovala zonse mkati. Ndani akusamuka? Ndinati inu, achemwali anu afika mawa. Chifukwa? Ndinawauza. Munthu amene walemba yekha chigamulo chake ayenera kudziwa chifukwa chake, ndinaganiza choncho. Anayang'ana chikhakha. Anatuluka, kuseri kwa khola. Anabwerera, anagwada. Zonse monga tsiku lija, ngati ndabweza chimbale m'mbuyo.

11:40. Ndinawapeza atamasula sutikesi imodzi, akupachika malaya. Amayi, ndani waika zovala zanga umu? Ndinawauzanso. Mwachidule, koma zoona. Ulendo uno sanasanze. Anakhala pansi pakhomo, akuyang'ana manja awo, kuwatembenuza uku ndi uku. Anandifunsa ngati ndinakuwa. Ndinati ayi. Anati ndikanakuwa, kapena kumenya pansi ndi chikhatho, akanasiya, nthawi zonse amasiya. Ndinalongedzanso ndekha ndi dzanja limodzi.

4:30 madzulo ano. Ndili pakhonde, anabwera ndi tiyi makapu awiri, akumwetulira, atasamba. Anakhala pa sitepe. Nkhungu inali itachoka, phiri lonse poyera. Anati mawa kunja kukhala bwino, akwera mpaka kudamu. Kenako anati aona masutikesi m'nyumba, kodi pali ulendo?

Ndinati achemwali anu akusowani kwambiri, akubwera kudzakutengani kuti mukawaone.

Anasangalala. Anati Sun-hwa amaphika bwino, andibweretsera tsabola wa kwawo pobwera. Anafunsa kuti akakhala masabata angati, kuti amuuze Tabu.

Ndinati awiri.